Labu ya ma VM kunyumba ndi maseva a kuntchito: mmene mungayambire osagwetsa netiweki ya anthu

Ngati mukuphunzira za IT muno mu Lusaka, kaya pa UNZA, pa Evelyn Hone, pa ZCAS olo mukungodziphunzitsa nokha pa YouTube, tsiku lina mudzalowa mu server room ya kampani ndipo mudzapeza kuti maseva amene anthu amatchula tsiku ndi tsiku, ya mafayilo, ya accounts, ya maimelo, si mabokosi osiyanasiyana ayi, onsewo ali mkati mwa makina awiri kapena atatu chabe. Ndiye ndi bwino kuyamba kuzolowera muli kunyumba. Koma mumve bwino apa abale, labu ya kunyumba ndi yoti muziiphwanya mmene mungafunire, pomwe ya kuntchito yanyamula malipiro a anthu, ma invoice, zolemba za odwala kapena za ana asukulu, ndiye batani lomwelo limene kunyumba mumadina osaganiza kawiri, kuntchito likhoza kuimitsa ofesi yonse mpaka madzulo.

Nkhani yake ili chonchi. Pali makina enieni amodzi amene timawatcha host, ndipo pa makinawo pamakhala pulogalamu yotchedwa hypervisor, ntchito yake ndi kugawa CPU, RAM, disiki ndi netiweki kwa makompyuta abodza amene amayenda mkati mwake, ma VM (virtual machine). Zili ngati yadi ya alandilodi ku Chawama kapena ku Kalingalinga, zipinda zambiri, aliyense ali ndi chitseko chake ndi kiyi wake, koma mita ya ZESCO ndi imodzi, wina akayatsa sitovu ndi ketulo ndi ayironi nthawi imodzi ma unit amatha kwa onse. VM iliyonse imadziona ngati ili yokha, koma RAM ndi disiki akudyera pamodzi.

Ma hypervisor alipo amitundu iwiri. Ena mumawaika pamwamba pa Windows kapena Linux imene muli nayo kale, ngati VirtualBox ndi VMware Workstation, amenewa ndi a type 2. Ena amakhala pa chitsulo penipeni popanda Windows pansi pake, ngati VMware ESXi, Hyper-V ndi Proxmox, awa ndi a type 1 ndipo ndi amene mudzawapeze kuntchito.

Sitepe yoyamba, onani makina amene muli nawo. Pa Windows dinani Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Performance, kenako CPU, pansi kumanja pali mzere wolembedwa Virtualization. Ikalembedwa Enabled muli bwino. Ikakhala Disabled zimitsani makina, poyatsa lowani mu BIOS, pa Dell nthawi zambiri ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1, mufufuze Intel Virtualization Technology kapena VT-x, ngati ndi AMD mufufuze SVM Mode, muyatse, musunge, mutuluke. Ambiri amagonja pomwepa poganiza kuti laputopu yawo ndi yachabechabe pomwe ndi setting imodzi chabe.

RAM ndiyo imatha msanga kuposa china chilichonse. Ndi 8GB mukhoza kuyendetsa ma VM awiri ang'onoang'ono a Linux koma mukangoonjezera Windows Server makina ayamba kupuma movutika, 16GB ndi pamene labu imayamba kukoma, 32GB ndiye mwafika. Ndipo ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, pakati pa CPU yamphamvu ndi SSD, ine ndingati SSD, chifukwa ma VM atatu akamalimbirana hard disk yakale yozungulira ija mudzakhala mukungoyang'ana kabwalo kakuzungulira pa sikirini. Amene mukufuna makina apadera a labu, yang'anani tima desktop tating'ono tochokera m'maofesi, Dell OptiPlex, HP EliteDesk, Lenovo ThinkCentre, timapezeka tosala m'mashopu a mu town ndipo sitidya malaiti kwambiri. Musanapereke ndalama muuzeni wogulitsayo akutsegulireni BIOS muone VT-x ndi maso anu, muonenso kuti ma slot a RAM alipo angati ndipo amalola mpaka pati.

Sitepe yachiwiri ndi kusankha hypervisor. Ngati laputopu ndi imodzi yomweyo imene mumalembera ma assignment, ikani VirtualBox, ndi yaulere, ya Oracle. VMware Workstation Pro nayonso kuyambira 2024 inakhala yaulere, kale inali yogula. Hyper-V, ngakhale ili ya type 1, imabwera ndi Windows Pro koma mu Windows Home mulibe, komanso ikayatsidwa imatha kuchedwetsa VirtualBox, mudzaona kakamba kobiriwira pansi pa windo la VM, kameneko kakutanthauza kuti awiriwa akulimbirana VT-x. Sankhani chimodzi.

Ngati muli ndi makina apadera, ikani Proxmox VE. Imapangidwa ndi kampani ya ku Vienna, Austria, inamangidwa pa Debian, ma VM amayenda ndi KVM ndipo ili ndi ma container a LXC. Mumailemba pa fulashi, kuika, kenako mumailamulira pa browser ya laputopu yanu polemba https, IP ya makinawo ndi port 8006. Zinthu ziwiri muzidziwiretu, imafufuta disiki yonse imene mwaisankha, ndiye zithunzi za ukwati wa asisi zichotsenimo kaye, komanso imafuna khebulo, pa Wi-Fi mudzavutika nayo zedi. Ikamakuuzani kuti mulibe subscription musade nkhawa, sinthani repository ikhale ya no-subscription, ma update azibwera.

Sitepe yachitatu, ma ISO, mafayilo oikira Windows kapena Linux mu VM. Tengani pa website ya eni ake, Ubuntu Server 24.04 LTS, Debian, ndi Windows Server ya evaluation imene Microsoft imapereka yaulere kwa masiku 180. ISO ya Windows Server ndi pafupifupi 5GB ndiye bundle ya MTN, Airtel kapena Zamtel imamva kuwawa, dawunilodani kamodzi musunge pa fulashi, muzigawana ndi anzanu a m'kalasi. Koma ISO imene mwapatsidwa ndi munthu muiyese SHA256 yake, nambala yoonetsa kuti fayilo sinasinthidwe, ifanane ndi imene yalembedwa pa website, ndipo za ma Windows okhala activated kale aja zisiyeni, simudziwa chimene anaikamo.

Manje tafika pa sitepe yachinayi, netiweki, apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitse chifukwa ndi pamene kunyumba ndi kuntchito kumasiyana kwambiri, komanso ndi pamene anthu atsopano amapalamulira.

Mu VirtualBox, VM iliyonse mukhoza kuipatsa adapter m'njira zingapo. NAT ndi imene imabwera yokha, VM imalandira 10.0.2.15, imatuluka kupita pa intaneti kudzera pa laputopu yanu koma palibe angailowere kuchokera kunja, ndipo ma VM awiri onse ali pa NAT saonana. Host-only imalumikiza ma VM ndi laputopu yanu yokha, nthawi zambiri pa 192.168.56.x, intaneti palibe. Internal Network ndi ya ma VM okhaokha, ngakhale laputopu yanu siionako. Bridged ndiyo yoopsa ija, imaika VM pa netiweki yeniyeni imene laputopu yalumikizidwa, rauta imaiona ngati kompyuta ina yeniyeni m'nyumbamo.

Chitani chonchi. Pangani VM yoyamba ikhale rauta ya labu, ikani pfSense kapena OPNsense, pa pfSense RAM ya 1GB mpaka 2GB ikwana. Ipatseni ma adapter awiri, woyamba pa NAT, umenewo ndi WAN, mbali yotulukira kunja, wachiwiri pa Internal Network, muupatse dzina loti labu, umenewo ndi LAN, mbali ya mkati. LAN ipatseni ma adiresi osiyana ndi a rauta ya m'nyumba, mwachitsanzo 10.10.10.1 ndi /24, chifukwa marauta ndi ma MiFi ambiri amagwiritsa 192.168.0.x, 192.168.1.x kapena 192.168.8.x ndipo zikafanana mudzasokonezeka. Ma VM ena onse aikeni pa Internal Network ya labu ija basi. Mukatero muli ndi kakampani kanu kotsekeredwa, kali ndi geti limodzi lotulukira, ndipo mukuphunzira firewall pompo. Pa Proxmox maganizo ake ndi omwewo, vmbr0 ndi bridge yolumikizidwa ku khebulo yeniyeni, inu pangani vmbr1 yopanda port iliyonse ikhale ya labu.

Chifukwa chake ndi ichi. Tsiku limene mudzaphunzire DHCP, ntchito yogawa ma IP, pa Windows Server, VM ija ikakhala pa Bridged iyamba kugawa ma IP kwa aliyense wopempha, foni ya amayi, TV, laputopu ya achimwene, ndipo chipangizo chimangotenga yankho limene lafika msanga, sichifunsa kuti wayankha ndani. Kunyumba mapeto ake ndi kukalipiridwa kuti WhatsApp yasiya kugwira. Kuntchito chinthu chomwecho chimatchedwa rogue DHCP, makompyuta amalandira gateway ndi DNS zolakwika, maprinta amasowa, anthu a accounts sakulowa mu system, ndipo choipa nchakuti sizigwa zonse nthawi imodzi, zimagwa imodziimodzi lease, nthawi imene kompyuta inabwerekedwa IP, ikamatha, ndiye a IT amataya maola akusaka gwero. Maofesi okonzedwa bwino amayatsa DHCP snooping ndi port security pa maswichi kuti zoterezi zitsekedwe, koma si onse, ndipo ngakhale zitatsekedwa ma log adzaonetsa port imene munalumikizapo. Laputopu ya labu isalowe pa khebulo ya ofesi ma VM ali pa Bridged, olo kwa mphindi zisanu. Chimodzimodzi amene mukuphunzira za security, Kali Linux yosikanira ndi Metasploitable, VM yofooka dala yoyeserera kuthyola, zikhale pa Internal Network, kusikana netiweki ya kampani popanda chilolezo cholembedwa ndi mlandu ngakhale mutanena kuti mumangoyeserera.

Sitepe yachisanu, mangani kakampani kaja. VM ya Windows Server, RAM 4GB ngati ilipo, IP yosasintha monga 10.10.10.10, muikepo Active Directory, yosunga ma user ndi makompyuta a kampani mu gulu limodzi lotchedwa domain, ndi DNS, yomasulira mayina kukhala ma IP. DHCP ikhale pamalo amodzi okha, mukaiyatsa pa Windows muizimitse pa pfSense. Kenako VM ya Windows wamba muilowetse mu domain, apa ambiri amakakamira, vuto kawirikawiri ndi lakuti DNS ya client ikuloza ku 8.8.8.8 m'malo moloza ku domain controller, Windows Server ija. Pangani ma user, ma group, foda imene a HR akuiona koma a sales sakuiona, Group Policy imodzi kapena ziwiri. Onjezerani Ubuntu Server muikepo Nginx kapena Apache, muzilowamo ndi SSH. Ndipo chilichonse muzilemba, dzina la VM, IP, RAM, ntchito yake, tsiku limene mwasintha chinthu, kaya mu Excel kaya m'kope la hardcover. Anthu amanyozera kulemba koma kuntchito munthu amene amalemba ndi amene amapatsidwa makiyi.

Kanthu kena kamene kamavutitsa pa makina osala ndi nthawi. Active Directory imagwiritsa Kerberos, ndipo wotchi ya client ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5 login imakana. Tima desktop takale tambiri kabatire ka CMOS kanatha, malaiti akangopita tsiku limabwerera m'mbuyo, host ikasokonezeka ma VM nawonso amatsatira. Kabatire kake ndi CR2032, sinthani.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi ndiyo yokoma, phwanyani. Tengani snapshot, chithunzi cha mmene VM ilili panthawiyo chimene mungabwerereko, fufutani DNS zone muone chimene chichitike, tsekani port pa firewall muone chimene chasiya kugwira, dzazani disiki ya Ubuntu mpaka 100% muone mmene imachitira, yesani kukonza nokha kaye, zikakanika bwererani ku snapshot. Labu imene simaphwanyika ndiye kuti simukuphunziramo kanthu.

Koma snapshot si backup, chonde. Snapshot imadalira disiki yoyamba ija ndipo imakhala pamalo omwewo, SSD ikafa zonse zapita limodzi. Backup ndi kope lathunthu limene lili kwina. Mu VirtualBox gwiritsani Export Appliance mupeze fayilo ya OVA muiike pa external, mu Proxmox pali Backup pa VM iliyonse ndipo mukhoza kuika schedule. Ndiye mukatenga backup, fufutani VM yeniyeniyo muibwezeretse kuchokera pa backup muone ngati ikuyaka. Lamulo limene mudzamve kuntchito ndi la 3-2-1, makope 3, pa zosungira zamitundu 2, limodzi likhale kunja kwa nyumbayo.

Za malaiti sitingazilumphe, tonse tikukumbukira 2024 madzi atachepa ku Kariba mmene load shedding inatipwetekera. Laputopu ili ndi ubwino woti batire ili momwemo. Desktop imafuna ka UPS, osati kuti muzigwira ntchito maola ambiri koma kuti mupeze mphindi zozimitsira bwino, chifukwa VM ikadulidwa ili pakati polemba pa disiki, database kapena file system imatha kuonongeka. Zolowerani dongosolo, pozimitsa yambani ndi ma client, kenako maseva a ma application, domain controller ndi rauta pomaliza, poyatsa muyambire kumapetoko. Proxmox ili ndi Start/Shutdown order pa Options za VM, iseweretseni.

Tsopano mukafika kuntchito mudzapeza chiyani chosiyana? Mabatani ambiri ndi omwewo, ndipo labu ikuthandizani kuti musachite mantha. Koma chitsulo chake ndi china. Seva ya Dell PowerEdge kapena HPE ProLiant ili ndi RAM ya ECC imene imakonza tizolakwika tokha, ma disiki ali pa RAID kuti imodzi ikafa deta isatayike, ma power supply ndi awiri, ndipo pali iDRAC pa Dell kapena iLO pa HPE, kakompyuta kena mkati mwa seva kokulolani kuiyatsa ndi kuona sikirini yake muli patali ngakhale itazima. Kumbuyo kuli UPS yaikulu, jenereta ndi ma aircon, ndipo makampani ena maseva awo sali m'ofesi n'komwe, ali ku data centre.

Ma host amakhala mu cluster, gulu logwirira ntchito pamodzi. VM imatha kusamuka kuchoka pa host ina kupita pa ina ikuyendabe, VMware imati vMotion, ena amati live migration, ndipo host ikafa High Availability imayatsa ma VM ake pa ma host otsala. Kuti zimenezi zitheke bwino ma disiki a ma VM amakhala pa storage yogawana, SAN, iSCSI, NFS kapena Ceph. Pa Proxmox cluster imafuna quorum, mavoti opitirira theka, nchifukwa chake ma node amayambira pa 3, akakhala awiri pamafunika QDevice yoponya voti yachitatu. Ngati RAM ilipo mukhoza kuyesa izi kunyumba poika ma Proxmox atatu ngati ma VM mkati mwa Proxmox ina, zimachedwa koma mudzaona ndi maso chimene chimachitika quorum ikatayika.

Netiweki nayo siili pamodzi ngati ya kunyumba, yagawidwa ndi ma VLAN, timanetiweki tosiyana pa maswichi omwewo, ya maseva, ya ogwira ntchito, ya mafoni, ya alendo, ya management. Khebulo yolowa mu host imakhala trunk yonyamula ma VLAN angapo ndi ma tag a 802.1Q, ndiye mukalemba nambala yolakwika pa VM imodzi, VM imeneyo yasowa, koma mukasintha molakwika pa adapter ya management ya host, mwadzitsekera kunja nokha ndipo ngati iDRAC sinakonzedwe ndi ulendo wa ku server room usiku.

Kenako ndalama. Kunyumba zonse ndi zaulere kapena evaluation, kuntchito layisensi ndi nkhani yaikulu. Windows Server Standard imakulolani ma VM awiri a Windows Server pa host imene ma core ake onse alipiridwa, ndipo poyambira ndi ma core 16 pa seva, mukafuna ma VM opanda malire ndi Datacenter. Ndiye kungopanga clone ya seva chifukwa ndi kosavuta kukhoza kuika kampani pa ngongole. Ngakhale VirtualBox, pulogalamu yake ndi yaulere koma Extension Pack ndi yaulere pa ntchito zaumwini ndi zophunzira, osati za bizinesi. Ndipo chitengereni Broadcom VMware mu 2023 nkusiya kugulitsa layisensi zamuyaya kuti anthu azilipira subscription, makampani ambiri anayamba kuyang'ana Proxmox ndi Hyper-V, kwa ife olipira madola ndi makwacha nkhaniyi ndi yowawa kwambiri, nchifukwa chake ndikuti kuphunzira Proxmox panopa si kutaya nthawi.

Ma snapshot kuntchito amatengedwa musanapange update, zikayenda bwino amafufutidwa, VMware yomwe imalangiza kuti asapitirire maola 72. Akaiwalika amakula mwakachetechete mpaka datastore, malo osungira ma disiki a ma VM, kudzaza, ndipo ikadzaza ma VM amene ali pamenepo amaima. Kubweza snapshot pa domain controller kapena pa database ya accounts sikuli ngati kunyumba, mukubweza ntchito ya anthu yonse imene alowetsa chitengereni snapshot ija. Musachite musanafunse. RAM ndi ma vCPU, ma core amene mumagawira VM, chimodzimodzi, kupatsa VM ma vCPU ambiri sikuti ithamanga, nthawi zina imachedwa chifukwa ikudikira ma core kuti apezeke, ndipo mukuchedwetsa ena pa host yomweyo.

China chimene ndimachiona ngati chachikulu, musatenge deta ya kampani kupita nayo ku labu. Zimaoneka zanzeru kukopa VM ya payroll pa external kuti mukayese kunyumba Loweruka, koma mmenemo muli ma NRC a anthu, malipiro awo, manambala a ku banki, ndipo Zambia ili ndi Data Protection Act ya 2021. External ija ikatayika m'basi ya ku Matero palibe chimene mungafotokoze. Mukafuna deta yoyesera pangani mayina abodza.

Sabata yoyamba pa ntchito kapena pa attachment, manja akhale kumbuyo kaye, pemphani account yongoona osati ya admin, ndipo funsani akuluakulu a IT mwaulemu kuti akuonetseni chithunzi cha netiweki, ma VLAN ndi ati, DHCP imachokera pati, backup imapita kuti ndipo anayesa liti kubwezeretsa, malaiti akapita UPS imagwira nthawi yaitali bwanji jenereta isanalire, ndani amavomereza munthu asanasinthe kanthu ndipo amasintha nthawi yanji. Funsaninso ngati pali test VLAN kapena host yakale imene angakuloleni kuseweretsa, maofesi ambiri ali ndi seva imene inapuma ili pakona. Akakupatsani ntchito yoyamba yeniyeni, olo ikhale yongoonjezera disiki pa VM, kaichiteni kaye pa labu yanu madzulo, mulembe sitepe iliyonse ndi njira yobwerera zikalakwika, m'mawa muwaonetse abwana pepalalo musanadine chilichonse.